Mtsikana wa pa ndalama ya ku Latvia ndi ndani, nanga lats anaisiyiranji?

Nabanda (Dublin): Abale, ndifunseko kwa odziwa. Kuno ma euro achitsulo amasakanikirana, dziko lililonse lili ndi chithunzi chake kuseri. A ku Ireland ali ndi zeze wawo uja, a ku Spain mfumu, a ku Germany chiwombankhanga. Lero pa chenji cha mu shopu ndapezapo ya 2 euro ya mtsikana wovala kachisoti kumutu, ngala za tirigu zili paphewa, pambali palembedwa Latvijas Republika 2014. Dzina lake palibe. Ndi mfumukazi yawo kapena?

Che Joni (Jubeki): Achemwali, 2 euro imeneyo kumudzi ndi ndiwo za tsiku lonse, inu mwatanganidwa ndi nkhope? Kkkk.

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Mayi Nabanda, Latvia ilibe mfumu kapena mfumukazi. Mtsikanayo eni dziko amamutchula kuti Milda, ndipo nkhope yake ndi yakale kwambiri kuposa euro. Inayamba kuoneka mu 1929 pa ndalama yasiliva ya 5 lati (lats inali ndalama ya dzikolo euro isanabwere, zikachuluka amati lati). Anajambula ndi Rihards Zariņš, amene ankayang'anira nyumba yosindikizira ndalama ndi zikalata za boma ku Riga, likulu la dzikolo. Sanavutike kupita kutali kukafuna womujambula. Anatenga mayi wina wa pantchito pomwepo, Zelma Brauere, amene ankawerenga zolemba ndi kukonza zolakwika zisanapite ku makina. Ndalamazo zinasulidwa ku Royal Mint ku London mu 1929, 1931 ndi 1932. Ndi chindalama chachikulu ndithu, cholemera magalamu 25, ukachigwira umamva kuti wagwira kanthu. Nkhopeyo anafuna kuti iimire mtundu wonse, n'chifukwa chake dzina simulipezapo. Taiimikani yanuyo chammbali muone m'mphepete mozungulira. Mupeza mawu akuti DIEVS SVĒTĪ LATVIJU, amene ndi mutu wa nyimbo ya fuko lawo yopempha Mulungu kuti adalitse Latvia. Mawu omwewo analinso m'mphepete mwa yasiliva ija.

Nabanda (Dublin): Eee, alipodi! Tizilembo tating'onoting'ono, mpaka ndafuna magalasi. Ndiye nyimbo yawo imayamba ngati yathu eti? Zikomo aphunzitsi.

Mayi a Chikondi (Boston, Lincolnshire): Yasiliva imene akunena aphunzitsiyo ine ndinaigwirapo ndi manja angawa. Kuno ku Boston anthu a ku Latvia ndi Lithuania ndi ambiri zedi, timagwira nawo ntchito m'mafakitale olongedza kabichi ndi maluwa. Pali mayi wina wachikulire amene timaima naye pa layini imodzi. Tsiku la phwando lawo la ufulu, 18 Novembala, anabwera atavala ndalamayo pa jekete ngati pini. Nthawi ya tiyi anaivula n'kundipatsa kuti ndione. Kutsogolo tsaya la mtsikanayo linachita kusalala ndi kugwiridwagwiridwa, ngala za tirigu zija zikungooneka pang'ono. Kuseri, pamene pali chizindikiro cha dziko, wina anawotchererapo kasingano kokolera pa malaya, ndipo poti anawotcherapo panada. Anati inali ya agogo ake aakazi, amene anatengedwa kupita ku Siberia mu 1949 ataisokerera mu mpendero wa siketi. Njala inawakwapula kumeneko koma sanaigulitse. Ndinamufunsa mocheza kuti ingagulidwe zingati, anangondiyang'ana n'kuibwezera pa jekete.

Che Joni (Jubeki): Njala ikukupha, siliva uli naye mu siketi, osagula chakudya? Amenewo ndiye ouma mutu.

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Che Joni, ambiri anagulitsa ndithu, ndipo ena anapulumuka imfa chifukwa chosinthanitsa ndalama zoterozo ndi ufa kapena mbatata. Koma kuti mumvetse amene anaumirira, muyenera kudziwa momwe lats inafera. Asilikali a Soviet Union analowa m'dzikomo pa 17 Juni 1940. Mu Novembala chaka chomwecho olamulira atsopanowo analengeza kuti ruble yawo iziyenda limodzi ndi lats, imodzi kwa imodzi. Chinyengo chinali pamenepo, chifukwa lats inali yamphamvu kutalitali kuposa ruble. Asilikali ndi akuluakulu obwera kuchokera ku Russia anangolowa m'masitolo a mu Riga ndi mapepala awo otchipa n'kusesa nsapato, nsalu, mawotchi, batala, chilichonse. Kenako pa 25 Malichi 1941 lats anaithetsa popanda chenjezo. Amene anali ndi ndalama ku banki anamusiyira 1,000 yokha, zotsalazo boma linatenga. Munthu wasunga zaka 15 kuti adzagule munda, wadzuka m'mawa ali wolemera, pofika madzulo alibe kanthu. Pa 14 Juni 1941 anthu oposa 15,000 anakwezedwa sitima za katundu kupita ku Siberia, ndipo mu Malichi 1949 enanso oposa 40,000. Zapepala zinasanduka zinyalala, koma siliva anakhalabe siliva. Anthu anakwirira m'minda, ena anabisa m'madenga, amene anathawira ku Sweden ndi Germany nkhondo ili kumapeto anapita nazo. Kwa zaka 50 ndalama imeneyo inali umboni wogwirika woti dziko lawo linalipo.

Malume a ku Mbare (Harare): Aphunzitsi mwandikumbutsa zowawa. Mawu akuti imodzi kwa imodzi ife kuno timawadziwa bwino. Mu 2016 anatiuza kuti bond note, pepala limene boma lathu linasindikiza, ndi yofanana ndi dola ya America. Pofika 2019 madola athu a ku banki anali atasanduka ndalama ya kuno yotchedwa RTGS, mphamvu yake ikutsika tsiku ndi tsiku. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku Latvia anaberedwa ndi alendo. Mpaka lero ine ndalama yoposa ya thiransipoti sindigoneka ku banki.

Bambo a Tadala (Lilongwe): Pepani malume. Koma chimene chimandisangalatsa ine pa nkhani ya Latvia, monga munthu amene ndadyera m'mabuku a ndalama, ndi momwe anaidzutsira ndalamayo. Atalandiranso ufulu mu Ogasiti 1991 anali akugwiritsabe ruble ya ku Moscow, imene inkagwa ngati palibe mwini. Mu 1992 mitengo ya zinthu ku Latvia inakwera ndi maperesenti oposa 900. Mkulu wa banki yaikulu, Einars Repše, anali mnyamata wa zaka 30 zokha, wophunzira sayansi ya physics, osati za chuma. Sanathamangire kutulutsa lats. Pa 7 Meyi 1992 anayamba ndi ndalama yongoyembekezera, rublis ya ku Latvia, mapepala osaoneka bwino amene anthu ankawanyoza powatchula kuti repšiki, kutengera dzina lake. Mu Julayi anaichotsa ruble ya Russia pa msika. Ndalama yongoyembekezerayo ndi imene inasenza mavuto onse a kukwera kwa mitengo. Zinthu zitayamba kudekha, pa 5 Malichi 1993, anatulutsa lats, imodzi kusinthana ndi ma rublis 200, ndipo pofika Okutobala chaka chomwecho rublis inali itapuma. Mu 1994 anaimangirira lats ku SDR, muyeso wa IMF wophatikiza ndalama zikuluzikulu zingapo, mu 2005 ku euro pa mtengo wa lats 0.702804 pa euro imodzi. Kuyambira pamenepo mpaka tsiku lomaliza mtengowo sanausinthe. Lats imodzi inali 1.42 euro. Pepala lawo la 500 linali loposa 700 euro, limodzi mwa mapepala amphamvu kwambiri padziko lonse, ndipo pamenepo panalinso Milda. Ife pepala lathu lalikulu la K5,000 silikwana madola atatu pa mtengo wa ku banki. Tiziphunzirako abale.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Bambo a Tadala, ndi ulemu wonse, pomaliza paja mwatisocheretsa. Kuti lats imodzi inali yoposa euro sizikusonyeza kuti a ku Latvia anali olemera kuposa a ku Germany. Nambala ya 200 ija anachita kusankha. Akanati 20, lats ikanakhala ya masenti 14 ndipo palibe chikanasintha m'thumba la munthu. Yen ya ku Japan imafunika yoposa 100 kuti ugule dola imodzi, kodi Japan ndi yosauka? Pepala la 500 lija anthu wamba ambiri sanalione n'komwe, chifukwa linkaposa malipiro a mwezi a antchito ambiri.

Mlongo wa ku Chipata: Mwana wa sukuluyu wanena zoona. Ife mu Januwale 2013 tinachotsa mazilo atatu, K1,000 inakhala K1. Tinasangalala kuonanso ma ngwee achitsulo, koma thumba la ufa linali lolemera chimodzimodzi pogula.

Bambo a Tadala (Lilongwe): Za nambalazo sindikutsutsa. Chimene ndikuyamikira ine si kukula kwa nambala, koma kuti inakhala pamalo amodzi zaka pafupifupi 20. Mlimi akagulitsa mkaka lero ankadziwa kuti ndalamayo chaka chamawa idzagula fetereza wochuluka bwanji. Ife mu Meyi 2012 dola inachoka pa K168 kufika K250 tsiku limodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti. Ungakonze bwanji bizinesi pamenepo?

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Musanayambe kukangana za chuma, ndiloleni ndinene za ndalama zenizenizo, poti ine ndimatolera zachitsulo za maiko osiyanasiyana ndipo za ku Latvia ndi zina mwa zimene ndimazikonda. Njira ya a Repše ija sinali yatsopano. Lats yoyamba ya mu 1922 inalowanso m'malo mwa rublis yongoyembekezera ya mu 1919, imodzi kusinthana ndi 50, nduna ya zachuma ali Ringolds Kalnings. Lats imagawidwa m'ma santīms 100. Tsono taonani zimene anaika pa ndalama za mu 1993. Pa 1 lats nsomba ya salmon ikudumpha. Pa 2 lati ng'ombe yamkaka. Pa 50 santīmu kambande ka paini. Pa zapepala, ya 5 mtengo wa oak, ya 10 mtsinje wa Daugava, ya 20 nyumba yakumudzi yofolera ndi udzu, ya 50 ngalawa ya matanga. Munthu weniweni wodziwika dzina anali mmodzi yekha, pa ya 100, Krišjānis Barons, nkhalamba ya ndevu imene inathera moyo wake kusonkhanitsa ndi kusanja nyimbo zachikhalidwe zotchedwa dainas, zoposa 200,000, zolembedwa pa timapepala tosungidwa m'kabati ya madirowa imene ilipo mpaka lero ku laibulale yaikulu ku Riga. Pulezidenti palibe, msilikali palibe.

Ndiye kuyambira 2001 banki yawo inayamba kaseweredwe kena kokoma. Inkatulutsa 1 lats yapadera yoyenda pa msika ngati ina iliyonse, koma m'malo mwa nsomba ija pali chithunzi china. Anayamba ndi dokowe mu 2001, nyerere mu 2003, bowa mu 2004, tambala wa pansonga ya tchalitchi cha St Peter ku Riga mu 2005. Kenako kunabwera munthu woumbidwa ndi chipale chofewa, wosesa m'machumuni, chule, chikho cha mowa, kanungu mu 2012. Ya chitsulo cha kuphazi kwa hatchi ya mu 2010 anaitulutsa mitundu iwiri, china choyang'ana kumwamba china pansi, poti anthu sagwirizana kuti mwayi umabwera chikayang'ana kuti. Ana ndi agogo omwe ankafufuza chenji chilichonse. Ine ndili ndi ya nsomba, ya ng'ombe ndi ya bowa basi.

Che Joni (Jubeki): Chule pa ndalama! Kwathu anthu akanati boma lalowa za ufiti, mipingo ikanachita maulendo a mapemphero kkkk. Koma ya chikho cha mowa ndaivomereza, imeneyo ndiye ndalama yonena chilungamo za komwe ikupita.

Nabanda (Dublin): Che Joni inu simudzasintha. Koma aphunzitsi, ifenso tinali nazo zokongola. Ndikukumbuka 20 tambala ya njovu ndi mwana wake, 10 tambala ya chimanga. Ana a masiku ano sazidziwa.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Tibwerere kwa Bambo a Tadala, chifukwa nkhani ya mtengo wosasuntha ija ili ndi mbali imene sanainene. Latvia italowa mu European Union mu 2004, mabanki a ku Sweden monga Swedbank ndi SEB anakhuthula ngongole m'dzikomo. Anthu ankakongola ma euro n'kumagula nyumba, mitengo ya nyumba ku Riga inapenga, chuma chinkakula ndi 10 peresenti pachaka. Mu 2008 zonse zinaphulika. Mu Novembala boma linatenga Parex, banki yaikulu ya eni dziko, itatsala pang'ono kugwa. Mu Disembala analonjezedwa thandizo ndi IMF, European Union ndi maiko oyandikana nawo, ndalama zokwana 7.5 biliyoni euro. Akatswiri ambiri, kuphatikizapo Paul Krugman amene anayerekeza Latvia ndi Argentina, ankati igwetseni lats kuti katundu wanu atchipe kunja. Boma ndi banki yaikulu anakana kwamtuwagalu. M'malo mogwetsa ndalama anagwetsa malipiro. Aphunzitsi, anamwino, apolisi anadulidwa malipiro, ambiri ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena kuposa. Sukulu ndi zipatala zina zinatsekedwa. Mu 2009 chuma chinatsika ndi maperesenti oposa 14, ulova unafika pa munthu mmodzi mwa asanu alionse. Pa 13 Januwale 2009 anthu anachita zipolowe ku Riga, kugenda nyumba ya malamulo, ndipo boma la Ivars Godmanis linagwa mwezi wotsatira. Nsapato itathina, iwo anasankha kusema phazi. Lats inapulumuka, inde, koma analipira ndani?

Bambo a Tadala (Lilongwe): Mphwanga, mwawerenga bwino, koma yankho lili m'mawu anu omwe. Mwati anthu ankakongola ma euro. Ngongole zoposa 80 pa 100 zilizonse zinali za ndalama zakunja, pomwe malipiro ankalandira m'ma lats. Mukanaigwetsa lats ndi theka, ngongole ya nyumba ya mphunzitsi yemwe mukumumvera chisoniyo ikanawirikiza kawiri usiku umodzi. Mabanja akanalandidwa nyumba, makampani akanagwa, mabanki nawo. Komanso Latvia ndi dziko laling'ono logula kunja mafuta, gasi, makina, mankhwala. Ife tikudziwa bwino chimene chimachitika kwacha ikagwa: tisanagulitse n'kamodzi komwe fodya wambiri kunja, mafuta ndi fetereza zakwera kale. Kugwetsa ndalama nakonso n'kudula malipiro, kungoti kumadula mwakachetechete, aliyense, ngakhale wogulitsa tomato amene sali pa payroll ya boma. Kusiyana kwake n'kwakuti Valdis Dombrovskis, nduna yaikulu imene inalowa m'malo mwa Godmanis, anawauza anthu maso ndi maso kuti tikudulani. Ndipo anthuwo anamusankhanso mu 2010. Pofika 2011 chuma chinayambanso kukula, ndipo kumapeto kwa 2012 anabweza ngongole yonse ya IMF nthawi yake isanakwane.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Anamusankhanso amene anatsala. Kalembera wa mu 2000 anapeza anthu pafupifupi 2.4 miliyoni, wa mu 2011 anapeza osakwana 2.1 miliyoni, lero sakufikanso 1.9 miliyoni. Ulova ukatsika chifukwa malova akwera ndege, kumeneko tizikutcha kuchira? Ndipo si zonse zimene boma linachita zinali zovomerezeka. Linadula penshoni ndi 10 peresenti, ndipo kwa okalamba amene ankagwirabe ntchito ndi 70 peresenti. Mu Disembala 2009 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo, boma libweze. Amene anatetezedwa kwenikweni ndi mabanki a ku Stockholm.

Mayi a Chikondi (Boston, Lincolnshire): Pamenepa ndilankhuleko, poti anthu amene mukuwawerengerawo ndimadya nawo pa tebulo limodzi. Mayi wa pini uja anali mphunzitsi wa masamu kwawo. Sukulu yake ya kumudzi inatsekedwa nthawi yomweyo ya mavutoyo, ndiye lero akudula mizu ya kabichi m'chipinda chozizira limodzi ndi ine, magolovesi awiriawiri m'manja. Ana ake akulira kuno, Chilativiya amayankhula chothyokathyoka. Koma chodabwitsa n'chakuti ukamufunsa ngati akanakonda kuti lats igwetsedwe, amakana mwaukali. Amati banja lawo linaberedwa ndi boma mu 1941, linaberedwanso ndi kukwera kwa mitengo mu 1992 pamene ndalama zonse za m'mabuku a ku banki a makolo ake zinasungunuka, ena anataya zawo Banka Baltija itagwa mu 1995. Akuti bola kudulidwa malipiro ukuona, kusiyana n'kudzuka m'mawa ndalama yako yasanduka pepala. Sindikunena kuti onse amaganiza choncho. Pali mnyamata wina woyendetsa forklift amene akangomva dzina la Dombrovskis amatukwana.

Malume a ku Mbare (Harare): Mayi ameneyo ndikumumvetsa kuposa mmene ndikumvera ma graph a mwana wa Chanco. Amene sanaonepo penshoni ya zaka 30 ikugula buledi mmodzi sangadziwe mantha amenewo.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Malume, mantha ndikuwamva. Koma pakati pa Zimbabwe ya 2008 ndi kugwetsa ndalama ndi 20 peresenti pali mtunda wautali. Poland inalola ndalama yake ya złoty kutsika mu 2009 ndipo ndi dziko lokhalo mu European Union limene chuma chake sichinabwerere m'mbuyo chaka chimenecho. Iceland ndalama yake inagwa kwambiri, koma ulova sunafike pa 10 peresenti.

Bambo a Tadala (Lilongwe): Poland ili ndi anthu pafupifupi 38 miliyoni ndi msika wake wamkati, simungaiyerekeze ndi dziko la anthu 2 miliyoni. Ndipo mukuiwala komwe a ku Latvia ankaloza. Iwo ankafuna kulowa mu euro, ndipo lamulo limafuna kuti ndalama yako ikhale yosagwetsedwa kwa zaka ziwiri usanalowe. Kugwetsa lats kukanawabweza kumbuyo kwa mzere.

Che Joni (Jubeki): Imani kaye. Mukundiuza kuti anthu anavutika chonchi, kudulidwa malipiro, kuthawa m'dziko, kuteteza ndalama yoti patangopita zaka zinayi anaitaya okha? Ndiye nsomba ija, ng'ombe ija, chule wanga uja, zonse zinapita? Ine ndiye sindikumvetsa.

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Funso lanu Che Joni ndi limene ambiri a ku Latvia ankafunsa mu 2013. Kafukufuku wa maganizo a anthu chaka chimenecho ankasonyeza kuti otsutsa euro anali ochuluka kuposa oifuna. Referendamu sinachitike. Boma linati anthu anavomera kale mu Seputembala 2003 pamene anavotera kulowa mu European Union, poti pangano lolowera linali ndi mfundo yoti adzatenga euro. Pa 1 Januwale 2014 Latvia inakhala dziko la nambala 18 kugwiritsa euro, Estonia italowa kale mu 2011, Lithuania n'kutsatira mu 2015. Kwa milungu iwiri ndalama zonse ziwiri zinkayenda, ukalipira m'ma lats chenji ankakupatsa m'ma euro. Ndalama yapadera yomaliza ya 1 lats, ya mu 2013, inali yotsanzikira, analembapo mtengo wosinthira uja wa 1.42.

Koma musaiwale mapu. Latvia ili m'malire ndi Russia ndi Belarus. Kwa atsogoleri awo euro inali chingwe china chodzimangirira ku Ulaya, pamodzi ndi NATO imene analowa mu 2004. Patangotha miyezi iwiri chilowereni mu euro, Russia inalanda chigawo cha Crimea ku Ukraine, ndipo ambiri amene ankadandaula anayamba kuiona nkhaniyo mwina. Mu 1940 anali okha, ndi ndalama yawoyawo yolimba, ndi golide wawo wosungidwa ku London ndi kwina, koma zonsezo sizinaletse akasinja.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Mfundo ya chitetezo ndi yomveka, aphunzitsi, ndipo ndi yolimba kuposa ya chuma. Kungoti tizinena zinthu ndi maina ake. Chinali chisankho cha ndale, ndipo bilu yake inapita kwa anamwino ndi aphunzitsi. A Dombrovskis eni ake mu 2014 anapita ku Brussels kukakhala wachiwiri kwa mkulu wa European Commission woyang'anira euro yomweyo.

Bambo a Tadala (Lilongwe): Kodi pali ndalama yopanda ndale? Ndipo kunena zoona lats inali itasanduka kale euro yovala malaya ena kuyambira 2005. Banki yawo sinkatha kuchita chilichonse chosemphana ndi banki yaikulu ya euro ku Frankfurt. Bola polowa anapeza mpando pa tebulo pamene chiwongola dzanja chimagamulidwa, ndipo wamalonda wa mumzinda wawo wa Liepāja sakulipiranso ndalama yosinthitsira akamagulitsa matabwa ku Germany.

Mlongo wa ku Chipata: Nanga amene anali ndi ma lats m'nyumba, agogo a kumudzi osamva nkhani msanga, zinawathera bwanji? Kwathu nthawi ya rebasing ena anatsala ndi mapepala akale m'matilesi.

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Apa ndiye anachita mosamala, podziwa bala la 1941. Mabanki wamba ankasintha kwaulere kwa miyezi isanu ndi umodzi, ma positi ofesi a kumidzi kwa miyezi itatu, ndipo banki yaikulu, Latvijas Banka, imasinthabe mpaka lero popanda tsiku lomaliza, pa mtengo womwe uja wa 0.702804. Ngakhale mutapeza pepala la 20 lati m'buku lakale zaka zikubwerazi, mudzalandira ma euro anu. Zimenezi zikukhudza lats ya 1993, osati ya nkhondo isanachitike. Komabe ndalama zambiri zachitsulo sizinabwerere, anthu anasunga dala. Ndipo zithunzi zina zinabwereranso pa ma 2 euro apadera: dokowe mu 2015, ng'ombe mu 2016.

Che Joni (Jubeki): Ng'ombe inabwerera, chule ayi. Tsankho.

Mayi a Chikondi (Boston, Lincolnshire): Anzanga a kuno amadandaula kuti euro itabwera khofi ndi kumeta tsitsi zinakwera, ngakhale mashopu ankalamulidwa kulemba mitengo yonse iwiri. Ndipo achikulire akamakamba za mtengo wa nyumba kapena ng'ombe kwawo, amawerengabe m'ma lats kenako n'kuchulukitsa. Koma sindinamvepo wina akunena kuti lats ibwerere. Amene amafuna kubwerera kwawo amakamba za malipiro, osati za mtundu wa ndalama.

Mnyamata wa Chanco (Zomba): Ndiye funso langa kwa Bambo a Tadala likadalipo. Kukanakhala kwathu, inu muli nduna, mukanalimba mtima kuuza aphunzitsi ndi anamwino kuti mwezi uno malipiro adulidwa ndi 25 peresenti kuti kwacha isagwe? Poti a ku Latvia anali ndi khomo lotulukira, pasipoti yolowa nayo ku Ireland ndi Britain popanda visa, ndiponso anzawo a ku Ulaya owabwereka mabiliyoni. Ife tili ndi chiyani?

Bambo a Tadala (Lilongwe): Sindikanatha, ndipo palibe nduna ingathe, chifukwa kumangirira ndalama kumafuna nkhokwe ya forex yokwanira kuti aliyense wobwera ndi kwacha umupatse dola. Latvijas Banka inkaonetsetsa kuti lats iliyonse imene yatulutsa ili ndi ndalama zakunja kapena golide kumbuyo kwake, ndipo lamulo linkailetsa kusindikiza ndalama zongobwereketsa boma. Chachiwirichi ndi chimene ndingatengeko. Sichifuna European Union, chimangofuna Nyumba ya Malamulo yolimba mtima. Tikakumana ku Zomba mudzandigulire tiyi tidzapitirize.

Aphunzitsi Opuma (Zomba): Mukadzabwera mudzandipeze, ndidzakuonetsani ya nsomba ija. Mayi a Chikondi, ndili ndi pempho. Mukamabwera Disembala, tafunsani anzanuwo ngati wina ali ndi 1 lats ya nyerere kapena ya kanungu yoti angagulitse, ndidzabweza ndalama yanu. Ya nyerere ndi yosowa, musadabwe akakutchulirani mtengo wokwera. Yasiliva ya 5 lati musagule pa intaneti kwa munthu wosamudziwa, zabodza zilipo. Yeniyeni simamatira ku maginito ndipo pa sikelo ya kukhitchini iyenera kufika magalamu 25. Ndipo chonde mukazipeza musazikweche ndi phulusa kapena steel wool kuti ziwale, zibwere ndi litsiro lake lomwelo.

Mayi a Chikondi (Boston, Lincolnshire): Ndamva aphunzitsi, ndifunsa Lolemba pa shifiti ya m'mawa. Che Joni, inunso ndikufunireni ya chule?

Che Joni (Jubeki): Ya chikho cha mowa, mayi. Ziwiri.